Nthumwi ya Achinyamata Yomera Imvi

"Bambo, ine ndikufunsa za dzina langa. Lapita kuti?"

Mzime anali ataima pakhomo lotulukira kuseri, chikwama cha makope a ana asukulu chidakali paphewa. Bambo ake, amene mpingo wonse unkangowatchula kuti a Mlembi chifukwa ndiwo ankasunga mabuku a bwalo la akulu a mpingo, anali atakhala pa kampando pamthunzi, thaulo lakale lili m'khosi. Kumbuyo kwawo kunali akazi awo, Mayi Telala, mswachi wakutha uli m'manja, akuwapaka mankhwala odetsa tsitsi.

"Kufika pakhomo osapereka moni, ndi zimene mukuphunzitsa ana kusukuluko?" anatero a Mlembi osatembenuka n'komwe.

"Mwaswera bwanji, bambo? Mwaswera bwanji, amayi? Tsopano dzina langa lapita kuti? Ndadzera kutchalitchi. Pachitseko cha vesitile amatapo pepala la anthu opita ku Msonkhano Waukulu. Abusa alipo. Mkulu wa mpingo alipo. Pamzere wa nthumwi ya achinyamata ndapeza dzina lanu."

Dzanja la Mayi Telala linaima m'malere. Dontho lakuda linagwera pakhutu la amuna awo.

"Khutu, mayi ake, khutu!"

"Pepani." Anapukuta ndi nsonga ya thaulo, maso ali pa mwana wawo.

"Achinyamata anandisankha masana dzuwa likuswa mtengo," Mzime anapitiriza. "Inuyo munalipo. Manja munawerenga ndinu, kawiri konse, n'kulemba m'buku lanu lakuda lija."

"Ndinalemba, inde. Chisankho chija chinali chongothandiza bwalo kudziwa maganizo anu. Omaliza nkhani ndi akulu a mpingo, osati manja a ana."

"Kalata ya kulikulu inati wachinyamata wosapitirira zaka makumi atatu. Inu muli ndi makumi asanu ndi zisanu."

"Unyamata uli mumtima, mwana iwe."

"Mtima mwina, koma mawondo aja amayi amawathowa ndi madzi otentha tsiku ndi tsiku."

Mayi Telala analuma mlomo kuti asaphulike ndi phwete. A Mlembi anadzuka, thaulo n'kugwa pansi. Mbali ina ya mutu inali bii ngati makala, ina idakali mbuu.

"Tamvera iwe. Kumene ukulimbirako si kokaimba kwaya. Kuli malamulo ake. Kuli nthawi yoimirira, nthawi yokhala, nthawi yotseka pakamwa. Ukangophonya kamodzi wachititsa manyazi mpingo wonse. Komanso mwana wamkazi wosakwatiwa, masiku anayi pakati pa anthu achilendo, ukagona kuti? Nthawi yako idzafika."

"Idzafika liti? Uno ndi ulendo wanu wachinayi pa mpando umenewu."

"Idzafika ikadzafika."

"Mukudziwa zimene anzanga ayamba kunena? Akuti tinapangana. Akuti ndinaima nawo dala kuti mpando usachoke pakhomo pano."

Sanadikire yankho. Analowa m'nyumba, ndipo chitseko cha kuchipinda kwake chinatsekedwa mwamphamvu mpaka makapu analira m'kabati.

A Mlembi anabwerera pampando. "Malizitsani, asanaume."

Mayi Telala anaviika mswachi m'kambale. Akupaka choncho anayamba kulumikiza zinthu mumtima. Msonkhano Waukulu wa mipingo yawo ya chipresibiteriyani ya m'dziko lonse unkachitika kamodzi pa zaka ziwiri, ndipo mankhwala a tsitsiwa nawonso ankagulidwa kamodzi pa zaka ziwiri. Iwo nthawi yonseyi ankayesa n'chifukwa cha zithunzi. Ankasita malaya, kulongedza sutikesi, kuperekeza amuna awo kumsewu. Pobwerako amuna awo ankafika ndi kachikwama kolembedwa mawu a m'Baibulo ndi yankho limodzi lokha: "Zayenda bwino." Zimene zinkayendazo, Mayi Telala anali asanafunsepo.

"Kodi bambo ake, kumeneko kumachitika zotani?"

"Msonkhano."

"Eya, msonkhano. Koma mukalowa mumakhala pati? Amayamba kuyankhula ndani? Mumakambirana chiyani masiku anayi athunthu?"

"Mafunso amenewa ayamba liti?"

"Lero. Ndingofuna kudziwa kukoma kwake, kumene kukuchititsa munthu kulimbirana ndi mwana wake."

"Inu pakani mutuwo. Za mpingo zisiyireni eni ake."

Anapaka. Koma funso lija linawakhala ngati kamwala m'nsapato.

Patapita masiku awiri kunabwera mlamu wawo, mng'ono wa a Mlembi, amene anthu ankamutchula kuti Giya chifukwa moyo wake wonse unali pa chiwongolero. Ndiye ankanyamula nthumwi pa minibasi yake. Anabwera ndi thalauza loduka zipi, n'kukhala pa benchi ya makasitomala pafupi ndi makina osokera.

"Alamu, inu mwakhala mukupita nawo," anatero Mayi Telala akusomola zipi yakale. "Tandiuzani, kumaoneka bwanji?"

Giya anaseka mpaka kutsokomola. "Mlamu, ine ndinalowamo kawiri kokha, pokapereka magalasi amene akulu angawo anaiwala m'galimoto. Holo yake ndi yaikulu ngati matchalitchi athuwa atatu. Kumanja abusa, makolala mbee. Kumanzere akulu a mpingo. Kumbuyo kuli mabenchi olembedwa kuti ndi a achinyamata. Ulendo woyamba ndinayesa ndasochera. Madazi, mlamu! Madazi okhaokha, kunyezimira ngati mapoto otsuka. Ndodo zoyendera atazitsamiritsa kukhoma. Wachinyamata wina anakomoka ndi shuga, amene anabwera kudzamutenga anali mdzukulu wake."

"Musandinamize, alamu."

"Kuchipatala ndinamunyamula ndine."

Mayi Telala anasiya kupalasa makina. "Nanga amakambirana chiyani?"

"Zambiri n'za m'mabuku, ine zimandipita pamwamba. Koma tsiku loti agawe kuti mbusa uti apite kuti, holo imadzaza mpaka pakhomo. Ngakhale amene anazembera kumsika amabwerera akuthamanga. Tsiku limenelo dzanja lililonse limakhala ndi mwini wake."

"Mwini wake bwanji? Dzanja si la munthu amene walikweza?"

Giya anawayang'ana, kenako anayang'ana kukhomo ngati wina akumvetsera. "Zimenezo mukafunse kunyumba kwa abusa. Ine ndine dalaivala."

Mwayi unapezeka Lachisanu. Amayi busa anali atasoketsa diresi lokavala kumsonkhano, ndipo Mayi Telala anapita nalo kuti akaliyese. Atalowa pabalaza anadabwa. Zithunzi zonse zinali zitatsitsidwa, pakhoma patangotsala misomali. Pakona panali makatoni omanga ndi zingwe, lina lolembedwa kuti mbale, lina mabuku.

"Mukufuna kupenta, amayi?" anafunsa atagwada, akupinda mpendero wa diresi.

"Kupenta? Adzapenta obwerawo." Amayi busa anatsitsa mawu. "Inu ndinu a m'nyumba ya a Mlembi, sindingakubisireni. Mpingo waukulu wa mumzinda uja ulibe mbusa. Nyumba yake ili mumpanda, madzi m'kati, sukulu za ana pafupi. Oufuna alipo atatu. Ndiye bambo akuti dzanja lililonse n'lofunika. Amuna anu ndi munthu wodalirika. Mwana wanu uja ndi wabwino, sindikukana, koma ana a masiku ano sungadziwe kumene akakweze dzanja."

"Ndiye kuti amuna anga akupita kukakweza dzanja?"

"Nanga enawo amapita kukatani?"

"Ine ndimayesa mbusa amatumidwa ndi Mulungu."

"Amatumidwa ndi Mulungu, mayi, koma kalata yake amalemba ndi anthu. Tachepetsaniko pang'ono m'chiunomu."

Mayi Telala anabaya mapini awiri. "Nanga ife titsala ndi ndani?"

"Akupatsani wina. Omaliza sukulu ya ubusa angoti mbwee. Ena zaka zinayi zatha akudikira mpingo."

"Bwanji osawapatsa, poti mipingo yopanda abusa ilipo?"

"Alibe owakwezera manja." Amayi busa anatembenuka kudziyang'ana pa kalilole. "Inu lero muli ndi mafunso ngati wapolisi."

Pobwerera kunyumba Mayi Telala anapitirira golosale imene ankafuna kugulako ulusi, osaiona. Zaka zonsezi ankamva zolengeza Lamulungu, kuti zakomera Msonkhano Waukulu kutumiza abusa akuti kwakuti, iwo n'kuvomereza kuti ameni. Sanaganizepo kuti mawu amenewo amayamba ndi makatoni omangidwa msonkhano usanachitike.

Lamulungu lotsatira anaona ndi maso awo zimene mwana wawo ankanena. Mzime atalowa pa benchi ya kwaya, atsikana awiri anasendera kutali, n'kusiya mpata wokwana anthu atatu. Potuluka, mnyamata wina woimba besi ananena mokweza kuti, "Patukani, akudutsa a banja la nthumwi." Mzime anangowerama n'kuyenda.

Masana a tsikulo mayi ake anamupeza m'chipinda atakhala pabedi, yunifolomu ya kwaya ataipinda n'kuiika m'pulasitiki.

"Imeneyo ikupita kuti?"

"Ndikukabweza. Mwinanso ndipume kaye kutchalitchi."

Mayi Telala anakhala pambali pake. "Tandiuza, ukanapita ukanakanena chiyani?"

"Mukufunsiranji, amayi? Zinatha."

"Ndifuna kudziwa."

Mzime anawayang'ana kanthawi. "Mukudziwa kuti ndinu oyamba kundifunsa? Abusa sanafunse. Bambo sanafunse." Anatulutsa mapepala awiri m'Baibulo lake. "Tinalemba tonse, Loweruka katatu."

Mayi Telala anavala magalasi awo otungira singano n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Achinyamata ankadandaula za nthambi ya mpingo ya kutsidya kwa mtsinje, imene inali itatha chaka ndi miyezi itatu osaona mbusa. Ana ankafika poyenda asanabatizidwe. Mtsikana wina wa kwaya ya kumeneko anaikidwa m'manda popanda mbusa, chifukwa abusa sabata imeneyo anali mumzinda kukaonana ndi akuluakulu. Ankafunsa chifukwa chimene abusa achinyamata ophunzira kale akungokhala kwawo pamene nthambi ngati imeneyi zikufa. Ankapempha kuti pogawa abusa azinena poyera zifukwa zake. Pa pepala lachiwiri panali mayina okhaokha.

"Awa ndi ndani?"

"Amene achoka mumpingo pa zaka ziwiri zapitazi. Makumi anayi ndi atatu."

Chala cha Mayi Telala chinaima pa dzina lachinayi. "Uyu ndinamusokera yunifolomu yake yoyamba ya sukulu. Anali woonda ngati bango. Nayenso anachoka?"

"Chaka chatha."

"Uyu mayi ake timakhala benchi imodzi. Sanandiuzepo."

"Amachita manyazi."

"Bambo ako anawerenga zimenezi?"

"Anati ndiwapatse akatinenere. Amayi, pepala limene anzanga anawapatsa ulendo wathawu ndinalipeza m'thumba la jekete yawo pochapa, lili chipindire."

Mayi Telala anavula magalasi. "Yunifolomuyo usakabweze kaye."

Lachinayi pa msonkhano wa amayi, mtsogoleri analengeza kuti pakufunika amayi awiri okathandiza kuphika ndi kugawa tiyi ku Msonkhano Waukulu. Asanamalize n'komwe, dzanja la Mayi Telala linali m'mwamba. Amayi anzawo anayang'anana, poti zaka zonse iwo ndiwo ankakhala oyamba kukana.

A Mlembi atamva anaika supuni pansi. "Nanga pakhomo pano?"

"Mzime alipo. Si mwati sakupita?"

"Makasitomala anu?"

"Adikira. Palibe amene akuyenda maliseche."

"Kwenikweni mukufuna chiyani, mayi ake?"

"Kuona."

Ananyamuka Lolemba m'mawa pa minibasi ya Giya, abusa ndi akazi awo kutsogolo, ena onse kumbuyo. Msonkhano unali pa sukulu ina ya ukachenjede imene ophunzira ake anali pa tchuthi. Mayi Telala anali asanaonepo makolala ochuluka chotero. Atangofika kukhitchini anawapatsa epuloni ndi ketulo yaikulu, n'kuwauza kuti azikagawa tiyi pa mzere wa olembetsa mayina. Iwo sakanasankha malo ena abwino kuposa amenewo.

Olembetsa anali pansi pa tenti, ndipo tebulo la achinyamata linali kumapeto. Pamenepo panali mtsikana wa tsitsi lalifupi, laputopu ili patsogolo pake. A Mlembi atafika anatchula mpingo wawo ndi mawu ozolowera, dzanja atalitambasula kale kuti alandire baji.

"Chiphaso chanu, bambo."

"Chiphaso cha chiyani? Ine kuno amandidziwa."

"Mlembi wamkulu watsopano walamula kuti chaka chino nthumwi ya achinyamata ionetse chiphaso chobadwira."

A Mlembi anafufuza m'matumba nthawi yaitali ngati chiphasocho chikhoza kusintha chili m'thumba. Mtsikanayo anachilandira ndi manja awiri, anachiyang'ana, kenako anayang'ana mutu wawo, kumene imvi zinali zitayamba kusuzumira m'mizu ya tsitsi.

"Bambo, pepani. Apa zikuonetsa kuti ndinu aakulu kuposa bambo anga. Baji sindingakupatseni, ndipo mu holo mukulowa okhala ndi baji okha."

Nthawi yomweyo abusa ankadutsa, baji yawo ili kale pachifuwa.

"Abusa! Tabwerani mundithandize apa."

Abusa anamvetsera theka la nkhaniyo, maso ali kwina. "A Mlembi, ine ndimayesa zimenezi munazikonza. Pepani, akundiitana uko." Anapita, osacheukanso.

Kuseri kwa tenti kunali kakhoma kakafupi pansi pa mtengo. Pamenepo panali patakhala kale azibambo angapo, masutikesi ali pakati pa miyendo. Mayi Telala anawawerenga akuwathirira tiyi: analipo khumi ndi mmodzi, amuna awo a khumi ndi awiri. Mmodzi ankalumbira kuti a boma analakwitsa chaka pa chiphaso chake. Wina anapempha tiyi wopanda shuga, dokotala anamuletsa.

Ketulo itatha Mayi Telala anabwerera kwa mtsikana wa laputopu uja.

"Mwanawe, ndingofunsa. Mpando wa bambo ajawo ukhala wopanda munthu?"

"Pokhapokha atabwera amene anasankhidwa ndi achinyamata, mayi. Abwere ndi chiphaso ndi kalata ya mlembi wa mpingo wawo, yodinda chidindo. Tikulandira mpaka Lachitatu m'mawa."

"Mlembi wa mpingo wawo," anabwereza Mayi Telala. "Zikomo."

Anawapeza amuna awo atasuntha, akhala okha kumapeto kwa kakhoma. Anakhala pambali pawo, ketulo n'kuiika pansi.

"Mwaona tsopano," anatero a Mlembi. "Si zimene munkafuna?"

"Ndaona, koma sindinamvetse. Mwana wanu akumusala anzake. Inu mwakhala pa khoma ngati wodikira basi. Zonsezi n'chifukwa cha makatoni a amayi busa?"

A Mlembi anasisita bondo.

"Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, anzanga anandisankha," anatero kenako. "Ndinabwereka jekete. Kutatsala masiku awiri, mkulu wina wa mpingo anandiitana kuvesitile n'kundiuza kuti ndidikire nthawi yanga. Ndinadikira, mayi ake. Sindinamenye chitseko cha munthu. Ndinasesa tchalitchi, ndinanyamula mabenchi, ndinalemba maminitsi. Nthawi yanga inafika ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi. Lero akuti ndakalamba. Ndiye yanga inali iti?"

Mayi Telala anali asanaimvepo nkhani imeneyi pa zaka makumi atatu za banja lawo. Anawayang'ana amuna awo ngati akuwaona koyamba.

"Anakulakwirani," anatero. "Koma mkulu amene anakuitanani kuvesitileyo, kwa Mzime ndinu. Mukufuna nayenso adzafike kuno ali ndi mdzukulu womunyamulira chikwama? Chidindo muli nacho, simuyenda osachitenga."

"Ndilembe kalata yodzitsutsa ndekha? Abusa andiona bwanji?"

"Abusa lero akuonani?"

A Mlembi ananyamula sutikesi yawo n'kupita kukagona m'minibasi ya Giya, poti malo ogona nawonso ankafuna baji.

Lachiwiri m'mawa ndi pamene ankagawa abusa. Giya sananame: anthu ankathamanga kuchokera mbali zonse, ena akumangirira tayi m'njira. Mayi Telala analowa ndi ketulo yawo, n'kuima kukhoma. Mabenchi a achinyamata anali theka opanda anthu, koma amene analipowo anali achinyamata enieni, ena akuyang'ana uku ndi uku ngati anapiye. Dzina la abusa awo litatchulidwa, manja anakwera ochuluka moti a Modareta, otsogolera msonkhano, sanavutike n'kuwerenga. Za mpingo umene abusawo ankausiya anangoti udzayang'aniridwa ndi mbusa woyandikana nawo kufikira msonkhano wina.

Pa nthawi yopuma abusa anatuluka akukumbatirana ndi anzawo. Anadutsa pafupi ndi kakhoma kaja, a Mlembi n'kuimirira atatambasula dzanja, koma abusa anali pa foni, akuuza wina za lole yonyamula katundu.

"Zinayenda bwanji?" a Mlembi anafunsa akazi awo.

"Apambana. Manja sanawerenge n'komwe, anali ambiri."

"Sanawerenge?"

"Ayi. Ife tatsala opanda mbusa zaka ziwiri."

A Mlembi anakhala pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana dzanja lawo lamanja, kunsi ndi kumwamba. Kenako anatsegula sutikesi, anatulutsa pepala la mpingo ndi chidindo, n'kuika sutikesiyo pa mawondo ngati tebulo. Analemba mosathamanga, ndi zilembo zawo zopendekera zija. Atadinda anati, "Muimbireni."

Mzime anamvetsera mayi ake mpaka kumapeto. "Apatseni foni bambo," anatero.

Mayi Telala ankangomva mbali ya amuna awo. "Inde... Ayi, palibe wandikakamiza... Ndalemba kale... Pamaso pa achinyamata onse? Lamulungu lomweli?" Anapukuta thukuta pamphumi. "Chabwino. Ndidzaima ndinene kuti ndinalakwa. Iwe kwera basi ya masana ano, usaiwale chiphaso."

Anafika Lachitatu m'mawa, kutatsala pang'ono kuti atseke kaundula, nsapato zili fumbi lokhalokha. Bambo ake anamupatsa kalata. Iye anaiwerenga yonse ali chiimire, kenako anati, "Zikomo, bambo," n'kupita ku tenti.

Nkhani za achinyamata anaziika masana, anthu atakhuta, ena akusinza. Mayi Telala anathawa mbale kukhitchini n'kukaima pa windo la m'mbali mwa holo, limene linali lotsegula chifukwa cha kutentha. Posakhalitsa anamva munthu akupumira pambali pawo.

"Ndikungofuna mthunzi," anatero a Mlembi.

Wachinyamata aliyense ankapatsidwa mphindi zochepa. Mzime anali wachisanu. Atafika pa maikolofoni mawu oyamba anatuluka aang'ono moti wina kumbuyo anakuwa kuti akweze. Anakweza. Ananena za nthambi ya kutsidya, za ana oyenda osabatizidwa, za mtsikana amene anaikidwa popanda mbusa. Abusa awo, amene anali pa mzere wachitatu, anayamba kufufuza kanthu m'chikwama. Kenako Mzime anatembenuza pepala n'kuyamba kuwerenga mayina, limodzi ndi limodzi, osathamanga. Osinza aja anadzuka. Mu holo munati zii.

Ali pa dzina la makumi atatu, kabelu ka patebulo la a Modareta kanalira. Mzime anadzidzimuka. Anayang'ana pepala, pamene pempho lenileni linali lisananenedwe, kenako analipinda n'kutembenuka kuti atsike.

Mayi Telala anangoona amuna awo atalowetsa mutu ndi mapewa omwe pa windo.

"Usatsike, iwe! Belu loyamba n'lochenjeza chabe! Uli ndi mphindi ina yathunthu!"

Holo yonse inatembenuka. Ena anaseka, ena anang'ung'udza, ndipo wolondera pakhomo anayamba kuthamangira kuwindo. A Modareta anatsitsa magalasi pamphuno n'kuyang'ana mutu umene unali pawindowo.

"Bambo a pawindopo alibe chilolezo choyankhula mu msonkhano uno," anatero. "Koma akunena zoona. Pitirizani, mayi."

Mzime anafutukula pepala. Anapitiriza, mawu ake akumveka mpaka kumbuyo.

A Mlembi anatulutsa mutu, tayi itapotokera kuphewa, akupuma mwamphamvu. Wolondera uja atafika anawayang'ana, n'kungoima nawo pomwepo kumvetsera.

"Za belu munazidziwa bwanji?" Mayi Telala ananong'ona.

"Misonkhano itatu ndakhala ndikulimva likulirira anzanga."

"Inu silinakulirirenipo?"

"Sindinaimepo."

"Ngakhale kamodzi? Nanga masiku onse aja munkatani?"

"Mayi ake," anatero a Mlembi, khutu atalitchera kuwindo, "mafunso mufunsa kunyumba. Takhalani chete ndimve mwana."